Mwana si utsi

Mwana wa achimwene anga ndi namwino ku Leeds, mzinda wa ku Britain. Adakwatiwa zaka zinayi zapitazo, ukwati woyera, ndipo mayi ake, alamu anga, adagula nsalu ziwiri zatsopano chaka chomwecho n'kuzipinda m'sutikesi, kuiwala kuti akulu adaletsa kugula mbereko mwana asanabadwe. Tsiku lina usiku mtsikanayo adandiimbira pa WhatsApp. Titatha kulonjerana adangoti, "Azakhali, ine ndi amuna anga takhala pansi. Mwina sitidzabereka."

Ndidafunsa zimene mayi aliyense wa msinkhu wanga akadafunsa: kodi pali vuto m'thupi, nanga kuchipatala mwapita? Adati onse awiri ali bwinobwino. Chowaletsa ndi nyengo. "Dziko likutentha chifukwa cha anthu, ndiye ine ndionjezerepo wina? Komanso mwanayo adzakulira m'dziko lotani? Inu za ku Chilobwe simudazione?"

Ndidaziona. Ndimakhala mu Blantyre momwemo, ndipo mu Marichi 2023, Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche n'kutsitsira matope ndi miyala pa nyumba za anthu, ndidaona amuna akukumba ndi makasu kufunafuna ana awo. N'chifukwa chake sindidamuseke, ndipo owerenga amene ayamba kale kunena kuti wasokonezeka ndi za azungu adikire kaye. Mu 2021 akatswiri adafunsa achinyamata 10,000 a zaka 16 mpaka 25 m'maiko khumi, ndipo 39 mwa 100 aliwonse adati akukayika zobereka chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Amene ankakayika kwambiri adali a ku Brazil ndi ku Philippines, kuposa a ku Britain ndi ku America. Mantha amenewa alibe khungu.

Koma m'mawu a mwanayo muli nkhawa ziwiri zimene anthu amazimanga mtolo umodzi. Ina ndi yodziimba mlandu, yoti mwana ndi katundu wolemetsa dziko. Ina ndi yoopa kuti dzikolo lidzamuzunza mwanayo. Yoyambayo ndikuikana kwathunthu. Yachiwiriyo ndikuilemekeza, ndipo yandisowetsa tulo kangapo.

Maganizo oti mwana ndi utsi ali ndi kumene adatchukira. Mu 2017 Seth Wynes ndi Kimberly Nicholas a pa yunivesite ya Lund ku Sweden adafalitsa kafukufuku woyerekeza zimene munthu wa m'dziko lolemera angachite kuti achepetse mpweya wotenthetsa dziko. Kusiya galimoto, adati, kumapulumutsa matani 2.4 pachaka. Kuchepetsako mwana mmodzi kumapulumutsa matani 58.6. Nyuzipepala zidailandira nambala imeneyo ndi manja awiri, ndipo mpaka lero ikuyendabe pa intaneti. Chimene ambiri sadafunse ndi mmene idapezekera. Woberekayo amapatsidwa theka la utsi wonse umene mwana wake adzatulutse moyo wake wonse, kenako theka la theka la utsi wa mdzukulu aliyense, kenako gawo la chidzukulu, kutsetsereka mibadwomibadwo, ndipo zonsezo amazigawa pa zaka za moyo wa kholo lija. Kuti masamu amenewa aime, uyenera kuvomereza kuti chidzukulu chobadwa zaka 80 zikubwerazi chidzawotcha mafuta ndi malasha monga mmene akuwotchera agogo ake lero.

Ku Britain komweko, kumene mwana wa achimwene anga akukhala, zimenezo zalephera kale. Dziko limenelo ndi limene lidayambitsa mafakitale oyendera malasha, koma pa 30 Seputembala 2024 lidazimitsa malo ake omaliza opangira magetsi ndi malasha, ku Ratcliffe-on-Soar. Mpweya umene limatulutsa watsika pafupifupi ndi theka kuyerekeza ndi 1990, pamene anthu ake achuluka. Chimene chidasintha ndi kumene magetsi akuchokera, malamulo a boma ndi mitengo ya zipangizo za dzuwa ndi mphepo. Azimayi a ku Leeds sadasiye kubereka kuti zimenezi zitheke. Ngakhale gulu la BirthStrike, la anthu a ku Britain amene adalengeza poyera kuti sadzabereka chifukwa cha nyengo, lidadzitseka lokha mu 2020 litaona kuti uthenga wake anthu akuutenga ngati wolimbikitsa kuchepetsa chiwerengero cha anthu.

Ndipo ankaopa zoona, chifukwa nkhani yoti anthu achuluka ikayamba, chala chimakathera pa mimba ya mzimayi wa ku Africa. Mmalawi mmodzi amatulutsa mpweya wa kaboni wokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani pachaka. Munthu wa ku America amatulutsa matani oposa 14. Utsi wa chaka chonse wa mayi wa ku Nsanje, mnzake wa ku Texas amautulutsa sabata isanathe. Africa yonse, ndi anthu ake oposa biliyoni imodzi, siifika pa magawo 4 mwa 100 a mpweya umene dziko lapansi limatulutsa pachaka. Bungwe la Oxfam lidawerengera kuti mu 2019 anthu olemeretsetsa, mmodzi mwa 100 aliwonse, adatulutsa mpweya wofanana ndi wa anthu osauka mabiliyoni asanu. Amalawi tonse titasiya kubereka mawa m'mawa, nyanja ya mchere ya India imene idalera Freddy kwa masiku 36 siingazizire ngakhale pang'ono. Munthu wobwera kudzauza mayi wa kwa Makhanga, amene nyumba yake yamira kangapo, kuti ana ake asanu ndi amene akutenthetsa dziko, akumunamiza, ndipo akumusenzetsa mlandu wa anthu amene sadzawaonapo.

Apa wina andigwira pakamwa, ndipo ali ndi mfundo. Nanga mapiri ametedwa mpalawa? Nanga minda yatha? Zimenezo ndi zoona, ndipo sindizibisa pofuna kuti mfundo yanga ioneke yosalala. Kalembera wa 1966 adapeza anthu 4 miliyoni m'dziko muno. Wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni, pa nthaka yomweyo. Munda umene agogo anga ankalima okha adaugawira ana awo aakazi anayi, iwonso adagawira awo, ndipo lero mbali ya munthu mmodzi ukaima pakati umaona malire onse anayi osatembenuza khosi kwambiri. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Amene adaona Ndirande ndi Soche zili ndi mitengo akudziwa chimene tataya, ndipo anthu adamanga m'mphepete mwa phiri ku Chilobwe chifukwa kumunsi malo adatha, otsalawo mtengo wake sakadaukwanitsa.

Koma zimenezi ndi kuwonongeka kwa chilengedwe chathu cha pakhomo, ndipo n'zosiyana ndi kutentha kwa dziko lapansi, ngakhale ziwirizi zikakumana zimapha pamodzi. Freddy sitidamuitane ndife. Phiri lopanda mitengo limene adalipeza ndi lathu. Banja likakhala pansi n'kuwerenga matumba a chimanga amene limakolola, mtengo wa feteleza, fizi ya kusekondale, n'kunena kuti ife atatu atikwana, likuchita zanzeru, ndipo likuchitira ana akewo. Kuwerenga koteroko kumachokera m'chikondi. Kuja kwa matani 58.6 kumamuona mwana ngati paipi ya utsi ya galimoto.

Tisanamizidwenso kuti kulera kudabwera ndi ndege. Amayi athu ankadziwa kuti kutumbiza n'kochititsa manyazi, ndipo mayi wotenga pakati mwana akadali kubere ankaitanidwa ndi anankungwi. Kudali mkuzi wa m'chiuno, kudali kudika mpaka mwana ayende. Boma la Kamuzu Banda ndi limene lidaletsa njira zamakono zolerera m'zaka za m'ma 1960, n'kudzazilola mu 1982 pansi pa dzina loti kubereka motalikitsa. Kuchokera pamenepo azimayi achita okha zimene palibe mlendo akadawakakamiza. Mu 1992 mzimayi wa ku Malawi ankabereka ana 6.7 tikatengera onse pamodzi. Mu 2015 ndi 2016 nambalayo idali 4.4, ndipo kafukufuku wa 2024 adapeza 3.7. Zidatsika chifukwa ana adasiya kufa monga kale, chifukwa atsikana ambiri adaona m'kalasi, komanso chifukwa jakisoni ndi kam'mkono zidafika kusikelo ya kumudzi. Palibe mayi adapita kukabayitsa jakisoni poganizira madzi oundana a ku Greenland. Adapita chifukwa msana udatopa ndipo nkhokwe idali yaing'ono.

Tsono mantha aja. Amenewa sindingawachotse ndi masamu, chifukwa masamu ake ali kumbali ya mwana wa achimwene anga. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Wim Thiery mu 2021 adapeza kuti mwana wobadwa mu 2020 adzakumana ndi nyengo za kutentha koopsa kambirimbiri, pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa munthu wobadwa mu 1960, ngati maiko sapitirira pa zimene adalonjeza. Chaka cha 2024 chidali choyamba kutentha kupyola madigiri 1.5 amene maiko adagwirizana ku Paris mu 2015 kuti ayesetse asawadutse. Ife sitifunikanso kuuzidwa. Idai mu 2019. Ana mu Januwale 2022, amene adagumula damu la Kapichira n'kutisiya mumdima miyezi yambiri. Gombe patangopita milungu yochepa. Kolera amene adapha anthu oposa 1,700. Freddy, amene adapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 n'kusamutsa oposa theka la miliyoni. Chaka chotsatira, ng'amba ya El Niño, mpaka Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Kale napolo ankatchulidwa ndi chaka chake, wa ku Zomba wa 1946, wa ku Phalombe wa 1991, ndipo pakati pake mwana ankabadwa n'kukula mpaka kumera imvi. Lero mwana wa sitandade 5 ku Chikwawa waona anamondwe osachepera anayi.

Usiku umenewo ndidamuuza za agogo ake, mayi anga. Adabereka ana asanu ndi anayi, adaika atatu. Mu 1992, ine ndili kale ndi mwana kumsana, ana 234 mwa 1,000 aliwonse obadwa m'dziko muno ankafa asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2016 adali 63. Sindidanene zimenezi kuti ndimutseke pakamwa, ngati kuti amene sadaike mwana alibe ufulu woopa. Ndimafuna aone kuti chimene chinkapha ana athu nthawi imeneyo chinkaoneka ngati chosagonjetseka, monga mmene nyengo ikuonekera lero, ndipo chidagonja ndi zinthu wamba: katemera, masikito, madzi a pamjigo, mankhwala oteteza mwana ku HIV, alangizi a zaumoyo oyenda pa njinga.

Namondwe nayenso sapha yekha. Ku Bangladesh namondwe wa 1970 adapha anthu osachepera 300,000. Mu 2020 Amphan, wamphamvu kwambiri, adafika m'dera lomwelo, boma lidasamutsa anthu oposa 2 miliyoni kupita m'nyumba zothawiramo, ndipo akufa m'dzikolo sadafike 100. Bangladesh si dziko lolemera. Lidamanga malo othawirako, lidaphunzitsa anthu odzipereka oyenda ndi zimkuzamawu, ndipo anthu adaphunzira kumvera chenjezo. Mvula ya Freddy sitikadaiimitsa, koma kuchuluka kwa maliro kudadalira kumene nyumba zidamangidwa, ngati uthenga udafika m'chilankhulo chomveka, ngati kudali kothawira, ngati mlatho udapirira kuti ambulansi idutse. Zonsezi ndi ntchito za manja a anthu. Tsogolo la mwana wobadwa lero silidalembedwe kumwamba m'mitambo. Mbali yaikulu ikulembedwa m'mabajeti, kuno ndi kunja, ndipo bajeti imatsutsika.

Komabe sindidamuuze kuti bereka. Ndikadatero ndikadakhala ndikuchita chimodzimodzi chimene ndikudana nacho.

Pakuti pamene ine ndi iye tinkakambirana momasuka pafoni, iye ali ndi digiri, malipiro ndi mwamuna womumvera, ndinkaganiza za atsikana amene funso limeneli silifika n'komwe pakhomo pawo. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena ali oyembekezera, ndipo 42 mwa 100 a azimayi a zaka 20 mpaka 24 adakwatiwa asanafike 18. Malamulo tili nawo. Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti ukwati uziyambira pa zaka 18, ndipo mafumu monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza adathetsa maukwati a ana ambirimbiri. Koma madzi akasefukira, lamulo limatsala pa pepala. Sukulu imasanduka msasa wa othawa madzi, makalasi amatsekedwa milungu ingapo, ndipo ena mwa atsikana sabwereranso. Bambo amene munda wake wakwiririka ndi mchenga amaona mwana wake wa zaka 15 ngati pakamwa pamodzi pochepetsa, ndipo mwamuna wobwera ndi thumba la ufa amalandiridwa. Mayi amene tsiku lake la jakisoni lakwana amapeza msewu wa kuchipatala waduka, kabuku kake ka kuchipatala kadapita ndi madzi, ndipo pakatha miyezi itatu ali ndi pakati pamene sadafune, m'tenti.

Apa ndi pamene kusintha kwa nyengo kumakhudza uchembere kwathu kuno. Kumalanda mzimayi mphamvu yosankha. Wa ku Leeds akuopa kubereka mwana amene akumufuna. Wa ku Phalombe akubereka mwana amene sadakonzeke kumulandira, iye mwini akadali mwana. Onse awiri nyengo yawalowerera m'chipinda, ndipo ine wachiwiriyu ndi amene amandipweteka kwambiri, chifukwa palibe nyuzipepala ya kunja imene imamufunsa maganizo ake.

Choncho amene akufunadi kulankhula za ana ndi nyengo m'dziko muno ayambire pamenepa. Galimoto yonyamula ufa, nyemba ndi mabulangete kupita kumsasa inyamulenso njira zolerera ndi namwino wozipereka, tsiku loyamba lomwelo, chifukwa thupi la mzimayi silidikira kuti madzi aphwe. Tikhale ndi malo othawirako omangidwira ntchito imeneyo kuti sukulu zisamatsekedwe nthawi iliyonse kukagwa chigumula. Mtsikana amene makolo ake ataya zonse alipiriridwe fizi chaka chimenecho asanayambe kufunsiridwa. Ndipo ndalama zake tisachite manyazi kuzifuna kwa amene adawotcha malasha zaka 200. Thumba lolipira zowonongeka ndi kusintha kwa nyengo lidavomerezedwa pa msonkhano wa maiko wa ku Sharm el-Sheikh ku Egypt mu 2022, koma zimene maiko olemera alonjeza kuikamo n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene anamondwe akuwononga. Imeneyo ndi ngongole, ndipo atsogoleri athu azipita kumisonkhanoko ngati okatenga chawo.

Kwatsala ife apabanja, ndipo pano ndikulankhula ndi azakhali anzanga, apongozi ndi ankhoswe. Tili ndi mawu oipa amene timasungira anthu opanda ana. Mkazi timamutcha chumba, mwamuna gojo. Chaka chikatha ukwati uli chete timayamba kuyang'ana pamimba pa mkamwana tisanamupatse moni, ndipo kumaliro timanong'onezana kuti adzamuika ndani. Ndikumvetsa kumene zimachokera. M'dziko limene okalamba ambiri alibe penshoni, mwana ndiye nkhokwe ya ukalamba, ndipo mawu oti ana ndi chuma sadali nthabwala. Koma nkhanza zimenezi zathetsa mabanja a anthu amene ankakondana, zatumiza azimayi kwa asing'anga kukamwa zowawa pa vuto limene mwina lidali la mwamuna, ndipo tsopano tikufuna kuzitembenuzira kwa ana athu amene aganiza mofatsa n'kunena kuti ayi, kapena kuti mmodzi yekha, kapena kuti tidikire. Ifeyo ndi amene timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Freddy adasiya ana amasiye, Edzi idasiya ambiri kuposa apo, ndipo ndikudziwa nyumba zimene zalera ana asanu mayi wa m'nyumbamo asadalowepo m'chikuta. Sindidamvepo wina akunena kuti nyumba zimenezo n'zopanda ana.

Ndidamuuza mwana wa achimwene anga kuti mlandu wotenthetsa dziko autule pansi, si wake ndipo sudzakhala wa mwana wake. Ndidamuuza kuti mantha akewo asawabise, akambirane ndi mwamuna wake mpaka adziwe ngati akuopa nyengo yokha kapena palinso zina, monga kulera mwana kutali ndi abale, m'dziko lozizira, uku akugwira ntchito usiku. Adakhala chete kanthawi, kenako adati, "Zimenezonso zilipo, azakhali." Ndidati akafuna mwana abereke ndi mtima woyera, ndidzakwera ndege kukamusambitsa khandalo. Akapanda kufuna, pakhomo panga adzalowa monga amalowera nthawi zonse, ndipo amene adzamutche dzina adzayankha kwa ine.

Nkhaniyi idafika kwa alamu anga patapita milungu iwiri, ndipo adabwera kwathu m'mawa ali ndi maso ofiira, akufuna kuti tiitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Tidakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Ndidawakumbutsa kuti iwo adakwatiwa ali ndi zaka 17 osafunsidwa, kuti adandiuzapo okha kuti akadakonda kumaliza sukulu, ndipo kuti adagulitsa mandasi zaka khumi kuti mwana wawoyu asadzaone zomwezo. "Alamu," ndidatero, "mudamuphunzitsa kuti azidzisankhira. Lero wasankha kuganiza kaye, ndiye timuitanire bwalo?"

Sadandiyankhe. Ankhoswe sadaitanidwe. Mtsikanayo ndi mwamuna wake sadamange mfundo mpaka pano, ndipo tikamaimbirana timakamba za ntchito yake, za mtengo wa chimanga ndi za mvula ngati yayamba. Nsalu ziwiri zija zikadali m'sutikesi, ndipo alamu anga adalonjeza kuti akamalankhula naye sazitchula.